Kambani ndi Chitsulo cha Mumchenga

"Kutsidya kwa njanji musapondeko," ankatero bambo anga m'mawa uliwonse. Khalani pansi, ana inu, ndikuuzeni za malume anu Kambani, amene simunawaone.

Tinkakhala kutali, m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene bambo ankalondera kasiteshoni ka denga lamalata. Sitima inkaimapo kudzatsitsa asilikali okaphunzira kuwombera kumchenga, kutsidya kwa njanjiyo. Ha, masiku amenewo! Amayi kugulitsa chinangwa chootcha m'mawindo a sitima, ife kulandira makoko a zipolopolo kwa asilikali n'kumawauzira kuti alire ngati mluzu. Mlongo wanga Kambani ndiye ankaliza ngati sitima yeniyeni, mpaka woyendetsa kumuseka.

Kenaka asilikali anasamuka. Sitima inayamba kungodutsa, osaima. Kambani ankaibayibitsa tsiku ndi tsiku, iyo osamuyankha.

"Bambo, mfuti zinaleka kulira. Ndikatole makoko?" anafunsa Kambani tsiku lina.

"Iyayi. Asilikali anapita, koma zimene anasiya mumchenga sizinapite."

Mawa lake anafunsanso.

"Ndati ayi, mwana iwe! Makutu akowo ndi okongoletsa mutu?"

Koma Kambani anali nkhutukumve. Masana ena, bambo akusesa kuseri kwa kasiteshoni, ndinangoona uyo, wadumpha njanji, akuthamangira kumchenga.

"Kambani, bwerera! Bambo aletsa!"

Anafukula, nafukula, nadzuka atanyamula chitsulo chadzimbiri, chachikulu ngati mkono wake.

"Achemwali, taonani! Ichi chilira kwambiri. Sitima ikamva, iima!"

"Chisiye pansi! Bambo, bwerani!"

Bambo anataya tsache, akukuwa dzina lake. Kambani anali atagwada kale pamwala, akugogoda chitsulocho kuti mchenga utuluke. Anagogoda. Anagogodanso.

Phuuu! Nthaka inagwedezeka, mbalame zonse balalabalala. Utsi utatha, bambo anabwera atamunyamula, atamufunditsa malaya awo.

Tinamuika pafupi ndi kasiteshoniko. Patapita chaka anadzagumula kasiteshoniko, ife n'kubwerera kuno kumudzi. Nditakula ndinapitako. Ndinapeza udzu wokhawokha, ngakhale manda ake sindinawazindikire. Ndimamusowa mlongo wanga, ana inu, mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndiye mukaona chitsulo chachilendo kutchire, musachikhudze, thamangani mukaitane akuluakulu. Wamkulu akati ayi, imani pomwepo, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Iwe Tiyese, ukuyang'ana kumbali bwanji? Kambani anali wamsinkhu wako.