Puliampu ya a Makutu

A Makutu anali dokotala wa mano wopuma pantchito, koma dzinali analipata chifukwa chodzitama kuti amamva ngakhale woimba gitala akameza malovu. Chuma chawo chinali zimbale zakuda za galamafoni, zodzaza khoma lonse la pabalaza. Pakati pa galamafoni ndi zokuzira mawu panali puliampu, kabokosi kolandira mawu n'kuwakometsa asanatuluke. Kanali kokalamba, kofuna kumenyedwa kambama kuti kadzuke, koma kakayamba kuimba, ngakhale galu ankatchera khutu.

Tsoka linabwera tsiku lomwe anaona puliampu yatsopano m'sitolo. Inali yonyezimira ngati dzino lagolide, ya timagetsi tabuluu, yomvera rimoti. Mtima unangoti phwii, dovu n'kudza.

"Bambo, yakaleyi yakulakwirani chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Mayi, inu mumamva nyimbo, ine ndimamva mawu. Izi zisiyireni eni makutu."

"Chabwino eni makutu. Paja ndikamakuitanani kukhitchini ndiye makutuwo amakhala patchuthi."

Sanamve. Yakale ija anagulitsa kwa mlamu wawo, amene anakhala akuisirira kwa zaka zambiri, ndipo pomupatsa anamuseka kuti watola chigoba cha nkhono. Kenaka anakagula yatsopano ija, n'kuitana anzawo okonda zimbale kuti Loweruka adzamve zimene makutu awo sanamvepo chibadwire.

Loweruka alendo anadzaza pabalaza, mlamu ali pomwepo. A Makutu anatsegula katoni mwaulemu, n'kugwada kuseri kwa shelefu, waya wa galamafoni uli m'manja. Anafufuza pobaya. Anavala magalasi. Anayatsa tochi. Munthu amene moyo wake wonse ankapeza kabowo kobisika m'dzino la chibwano analephera kupeza bowo la galamafoni, pakuti kunalibe. Makina atsopanowo anapangidwira nyimbo za pafoni ndi pakompyuta. Iwo m'sitolo muja anangoyang'ana kumaso, kumbuyo osatembenuza.

Atakakamiza wayayo pabowo lina, mawu anatuluka ngati udzudzu uli m'botolo.

"Imafuna itenthe kaye," anatero, thukuta lili kamukamu.

"Tidikira, alamu," anayankha mlamu uja, akudzithirira tiyi wina.

Manyazi anawagwira zedi, mpaka anasowa poyang'ana. Atabwerera kusitolo, anauzidwa kuti katoni yotsegula sibwezedwa, koma angathe kuitanitsa kabokosi kena kolumikizira, kadzafika miyezi ikubwerayi. Anapita kwa mlamu, chipewa chili m'manja, kukapempha yakale ija.

"Chigoba cha nkhono chija? Pepani alamu, nkhonoyo ndaipezamo."

Lero a Makutu akalakalaka nyimbo zawo, amakwapatira chimbale n'kukagogoda kwa mlamu, kumene amauzidwa kuvula nsapato ndi kusakhudza kalikonse. Kunyumba timagetsi tabuluu tikuyakabe mokongola, ndipo akazi awo amati timathandiza kupeza masilipasi.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.