Msewu umene a Pedro anausambitsa

A Pedro anamenya chitsulo chopachikidwa pamtengo wa masau kusanache bwino, ndipo anthu a ku Nyansomba anatuluka ndi makasu, mabeseni ndi zisache. Munali mu Okutobala wa 1974. Iwo anali tcheyamani wa chipani m'deralo, ndipo kalata inali itafika: injiniya wa boma akubwera kudzaona misewu iwiri, wa ku Nyansomba ndi wa ku Mphanje, tsidya lina la dambo. Ndalama zinali zokwanira msewu umodzi basi.

Msewu wa ku Nyansomba unali wongotchula dzina. Pamtsinje wouma lole inkamira mumchenga mpaka pamimba, moti madalaivala onyamula thonje anasiya kubwera. Anthu ankasenza thonje pamutu mitunda isanu ndi iwiri. Msewuwo ukapanda kukonzedwa, ankayenera kusenzanso.

"Kwirirani maenje onse!" anatero a Pedro. "Pamtsinje yalani bango, pamwamba dothi. Miyala ya m'mbali ipakidwe njereza."

Akazi awo, mai Clotilda, anatsitsa beseni pansi. "Bambo a Otilia, munthuyo akudzaona msewu kapena akudzakwatira?"

"Mlendo wa boma salandiridwa pauve. Ufuna akanene ku Blantyre kuti kuno kulibe tcheyamani?"

"Akanene kuti kulibe msewu. Sindicho tikufunacho?"

"Iwe ndale suzidziwa. Tenga beseni."

Anatenga. A Pedro sanali munthu woipa. Ngakhale kunyumba kwawo, ufa ukatha ankaphera mlendo nkhuku yomaliza, n'kumuuza kuti m'khola mwatsala zambiri. Masiku asanu ndi limodzi anthu anakhetsa thukuta, iwo ali patsogolo, mpaka manja anatuluka matuza.

Tsiku litakwana, galimoto ya injiniya inadutsa pamtsinje paja ngati ikuyenda pamphasa. Amayi anaimba, mbuzi inaphedwa. Injiniya anapukuta pakamwa n'kugwira a Pedro dzanja.

"A tcheyamani, anthu anu ndi olimbika. Msewu wotere ungapirire zaka zina zitatu."

A Pedro anasekerera mpaka mano onse kuonekera. Mai Clotilda anangoyang'ana kumwamba.

Tcheyamani wa ku Mphanje anali a Lorenso, mlongo wawo wa mai Clotilda. Iwo sanakhudze khasu. Anangokhala pansi pa mtondo pafupi ndi pamene magalimoto amatitimira, n'kudikira. Galimoto inafika, inatitimira. Injiniya anavula nsapato, nakankha nawo maola atatu dzuwa lili pamutu, a Lorenso akupepesa mwaulemu kwinaku akumuonetsa malo ena oipa kuposa pamenepo. Anam'patsa madzi a m'chikho ndi masau ochepa.

Makina okonzera msewu anapita ku Mphanje. Mvula yoyamba inakokolola bango, dothi ndi njereza za ku Nyansomba tsiku limodzi.

Thonje litacha, msika wapafupi wofikako lole unali wa ku Mphanje. A Pedro anamanga mtolo panjinga, nakankha kudutsa dambo, anthu awo ali pambuyo mitolo pamutu. Palibe anawanyoza, ndipo chimenecho ndicho chinawawawa koposa. Anapeza a Lorenso atakhala pamlatho watsopano.

"Alamu! Mwabwera wapansi? Ndinamva kuti kwanu msewu ndi wonyezimira, ntchentche ikaterapo imaterereka."

"Inu manyazi mulibe. Kukankhitsa galimoto munthu wa boma!"

"Anakankha tsiku limodzi. Inu mukankha mpaka liti?" A Lorenso anawatambasulira chipanda cha thobwa. "Imwani, mungakomoke pamlatho wanga, mlongo wanga n'kudzandipha."

A Pedro anamwa, napuma, naseka pang'ono. "Takhuta. Akadzabweranso munthu uja, mudzandibwereke nkhope yanu yopanda manyaziyo."

"Nkhope sindibwereketsa. Mverani akazi anu, iwo ndi ine ndife magazi amodzi."

Nyansomba inadikira zaka zinayi. Akuluakulu adati manyazi adapha lambe, ndipo sadaname. Inu amene muli ndi msewu woipa, denga lodontha kapena bala pamwendo, wokuthandizani akafika musathamangire tsache. Mutengeni pa dzanja, mukamuimike pomwe pakupwetekapo.