Ndowa Zokwera Phiri

Panali munthu wina, woyeza malo, amene kampani yake inamutuma kuchilumba china cha pakati pa nyanja. Kampaniyo inkafuna kuyalako masola, magalasi aja otchera dzuwa n'kulisandutsa magetsi. Mabwana ake anali atasankhiratu malo poyang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba. Anasankha nkhalango ya mbali ya kum'mawa kwa phiri, poti inali pafupi ndi doko ndipo nthaka yake inali yosavuta kukumba. Ntchito ya munthuyu inali yoyeza malire ndi kupaka utoto wofiira pa mitengo yoti igwetsedwe.

Atafika anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, nafunsa funso limodzi: "Ndani akufuna magetsi?" Manja onse anakwera. Namwino wa pachipatala anati katemera amawonongeka ndi kutentha. Asodzi anati nsomba zimawola zisanafike kumsika. Munthu uja anachoka pamsonkhanopo mtima uli mbee.

M'mawa mwake analowa m'nkhalango ndi chitini cha utoto. Anapaka mibawa, mikuyu ndi mitengo ina imene sankaidziwa n'komwe mayina ake. Tsiku lotsatira anapeza utoto wonse utamatidwa ndi dothi. Anapakanso. Tsiku lachitatu anapeza anthu atakhala m'tsinde mwa mitengo, amayi akuluka mikeka, abambo akusoka maukonde. Sanamutukwane. Anamupatsa moni bwinobwino, kenaka anati, "Bambo, mitengo iyi yokha ayi."

Iye anaganiza kuti mwina sanamvetse. Anawafotokozeranso za firiji ya kuchipatala, za ana owerenga popanda utsi wa koloboyi, za chigayo. Anthu anavomereza kuti zonsezo n'zoona, koma palibe anadzuka. Anaitanitsa msonkhano wachiwiri, nafotokoza motalikirapo kuposa poyamba. Anthu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kubwerera kukakhala pansi pa mitengo yawo.

Mnzake wina wa kuofesi anamuuza pafoni kuti mwina muli manda m'menemo, ndipo anthuwo akalimbalimba, iye angoitana apolisi. Munthu uja sanali wokonda mkangano, koma chinthu chimene sakuchimvetsa chinkamusowetsa mtendere. Anayenda nkhalango yonse kufunafuna manda, osawapeza. Manda anali kuseri kwa tchalitchi. Anaganiza za nkhuni, koma sanaone chitsa chatsopano ngakhale chimodzi. Nkhuni anthuwo ankabwera nazo pa bwato kuchokera kutsidya. Sankalimamo, sankadulamo, sankaikamo maliro. Nanga ankalondera chiyani?

Tsiku lina kutangocha, atakhala pakhonde chitini chili pambali, anaona amayi akudutsa ndi ndowa zopanda kanthu. Anali atawaonapo masiku onsewo, koma tsikuli m'pamene anazindikira chinthu chimodzi. Nyanja inali kumbuyo kwawo, madzi mbali zonse, koma iwo ankakwera phiri.

Anasiya chitini pakhonde pomwepo, nawatsatira.

Kumbuyo kwa onse kunkayenda mayi wina wachikulire, dzina lake Nangondo, amene ankaumba mbiya pachilumbapo. Atamva mapazi anacheuka.

"Lero utoto mwauiwala?"

"Ndausiya, mayi. Ndikufuna ndione kumene ndowazi zikupita."

"Ndiye bwerani. Muzisamala, miyala ndi yoterera."

Anadutsa kanjira kamene munthu uja anali atakaoloka kangapo osakalabadira. Mkati mwenimweni, pansi pa mkuyu waukulu umene iye anaupaka utoto kawiri, madzi ankatuluka mobisika pakati pa miyala. Anali oyera, ozizira, osachuluka. Amayi ankatunga ndi chikho, mmodzimmodzi, mosalimbirana. Munthu uja anatulutsa mapu ake. Pamalopo panali pobiriwira chabe. Wojambula ali m'mwamba amaona masamba, saona zimene zili pansi pake.

"Bwanji osamwa a m'nyanja?" anafunsa.

Nangondo anatula ndowa. "Akasupe analipo awiri. Wina anali kuseri kwa phiriku. Ndili mtsikana, nsomba zinachuluka, ndipo anthu anadula mitengo yonse ya mbali imeneyo kuti aziwambira. Ine ndemwe ndinasenzako nkhuni zake. Patatha zaka zitatu kasupe uja anauma. A mbali ija anayamba kumwa a m'nyanja. Kolera atabwera tinaika anthu khumi ndi anayi mwezi umodzi. Mmodzi anali mwana wanga woyamba. Kuyambira pamenepo, muno simulowa nkhwangwa."

Munthu uja anatembenukira kwa Nangondo. Kenaka anati, "Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munatifunsa kuti ndani akufuna magetsi. Tinakweza manja, ndipo sitinaname. Kuchokera apo mwakhala mukutiuza zinthu. Funso lachiwiri ndalimva lero."

Manyazi anamugwira, koma sanadziteteze. Anapinda mapu aja, nafunsanso funso lina. "Mukanakhala inu, mayi, magalasiwa mukanawayala pati?"

Nangondo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kudziwa kaye ngati sakumuseka. Anapatsa mnzake ndowa yake, namutsogolera kuseri kwa phiri, kumene kunali nkhalango yodulidwa ija. Kunali miyala yokhayokha ndi udzu wofiira. Ngakhale mbuzi sizinkakhalitsako. Dzuwa linkawomba kuyambira m'mawa mpaka kulowa, popanda mthunzi ndi umodzi womwe.

"Kuno tinawononga kale," anatero Nangondo. "Dzuwa ndiye lilipo lambiri. Tengani."

Munthu uja anayeza malowo masiku anayi, nalembera mabwana ake kuti nkhalango ija iye sapakanso. Sizinamuyendere mosavuta. Malo atsopanowo anali kutali ndi doko, mawaya ankafunika ambiri, ndipo miyala inali yovuta kuswa. Mabwana anamudzudzula pamaso pa anzake, ndipo ntchito inachedwa ndi chaka chathunthu. Koma itayamba, anthu omwe aja ankakhala pansi pa mitengo ndi amene anagubuduza miyala ndi kusenza zitsulo kuchokera padoko, popanda wowakakamiza. Magetsi anayaka. Kasupe akutulukabe.

Tsono inu amene mukundimva, ena ndinu aphunzitsi, ena makolo, ena mumatumidwa kumidzi ndi zinthu zabwino m'manja. Tsiku lina munthu adzakana chimene mwamubweretsera, chikhala chabwino ndithu. Mtima udzakuuzani kuti ndi mbuli, ndipo mudzafuna kufotokozanso mokweza. Musafulumire. Akulu anati safunsa anadya phula. Wokana nthawi zambiri sakukana mphatso yanu; pali chinthu chimene wakhalira, chimene mapu anu sakuonetsa. Tsekani pakamwa, muone kumene mapazi ake amapita m'mawa, ndipo mumufunse. Akayankha, mufunsenso.