Tomato wa Apongozi

Ku Nsaru aliyense ankadziwa kuti za kompyuta mwini wake ndi a Levison, mphunzitsi wa kusekondale. Ndiwo analemba pulogalamu ya kalabu ya ulimi wothirira, yotumiza uthenga pafoni kuuza mlimi aliyense tsiku lake la madzi. Akamadutsa pamsika ankayenda ngati msewu anaulambula okha.

Kenako kunabwera Febe, mng'ono wa akazi awo, kuchokera kuyunivesite ndi chida cha pakompyuta chofufuza mapulogalamu. Chida chimenechi sichiyesa mwa apo ndi apo ayi. Umachiuza lonjezo, monga lakuti mlimi aliyense alandire madzi sabata iliyonse, icho n'kutsimikiza ndi masamu, mzere ndi mzere. Chikakhutira chimaonetsa zobiriwira, chikakayika zofiira. Komiti ya kalabu inalamula kuti pulogalamu yatsopano ya chilimwe idutse kaye m'menemo.

A Levison nsanje inawadya mpaka m'mafupa. Mwana amene ankamugulira makope dzana lomweli, lero ndiye aziwachongera ntchito?

Chidacho chinafiira pa mzere umodzi.

"Alamu, apa chikukana," anatero Febe. "Chikuti wotsiriza pamndandanda akhoza kudumphidwa. Bwanji tikhale pansi tionere limodzi?"

"Zaka zisanu madzi akuyenda popanda kachida kakoka. Pita, ndikonza ndekha."

Anakonzadi, koma kukonza kwake! M'zida zoterezi muli mawu ouza kompyuta kuti apa usafufuze, ingokhulupirira. A Levison anawalemba pomwepo, zonse n'kungoti biriwiri. Anaonetsa komiti monyadira, nalamula Jonas, wotsegula mipopi, kuti wopanda uthenga asapatsidwe madzi, poti masamu sanama. Febe anabwerera kutauni.

Dzuwa la Okutobala linaswa mtengo. Wotsiriza pamndandanda anali amene analowa kalabu mochedwa, a Nachisale, apongozi awo enieni a Levison, omwe anawapatsa ndi malo omangapo nyumba. Sabata yoyamba uthenga sunabwere, Jonas anati adikire. Yachiwiri kunali zii. Nanga mpongozi angakadandaule bwanji pamaso pa mkamwini? Mayiwo anangoyamba kutunga ndi ndowa, koma mizere makumi atatu ya tomato ndowa siingaithe. Tomato anafota, maluwa n'kuyoyoka.

Febe atabwera kudzaona mayi ake, anapeza munda uli gwaa. Anatsegula pulogalamu ija n'kupeza mawu aja, pamodzi ndi dzina la wolemba ndi tsiku lake.

Pamsonkhano, a Lyton, wapampando wa komiti, sanachulutse gaga m'diwa.

"Aphunzitsi, chidachi chinakuchenjezani kapena ayi?"

"Chinandichenjeza."

"Nanga mlamu wanu?"

A Levison anavomera ndi mutu. Ntchito inaperekedwa kwa Febe tsiku lomwelo, anthu onse akuona. Chowawa koposa chinali chakuti njira yakwawo inkadutsa pakhomo pa apongozi, ndipo madzulo amenewo anawapeza akuzula mitengo youma ya tomato, mayiwo n'kuwagwadira ndithu powapatsa moni.

Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.