Bango Lokhota la Kathumba

Ana inu a masiku ano mumamwera m'makapu a pulasitiki, ndiye chikho mwina mumangochimva dzina. Chikho chimachokera ku mphonda, chomera choyanga ngati dzungu. Mphonda ikayanga pansi, zipatso zake zimapindika khosi, zina n'kuwolera m'matope. Koma ikakwera pathandala zipatso zimalendewera, khosi limatalika mowongoka, ndipo m'pamene pamatuluka chikho chotungira madzi mumtsuko osanyowetsa dzanja. Sungani zimenezi, poti nkhani yathu yagona pamenepo.

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, mudali mmisiri womanga nkhokwe dzina lake Kathumba. Luso adali nalo, ndisamunamizire. Nkhokwe yake chiswe chinkachita kuilambalala. Koma adali ndi matenda amodzi: sankalola kuti anthu amuone atapanga kanthu kachabechabe. Kwa iye kudali bwino ntchito ikhale osaigwira kusiyana n'kuigwira mosakongola.

Mkazi wake, Nankhoma, adabwera chitengwa kuchokera kutali, kuseri kwa mapiri. Pochoka kwawo, mayi ake adam'mangira pansonga ya nsalu njere zochepa za mphonda ya zikho zazitali khosi, mtundu umene kwa Kathumba kudalibe. Mayiwo adamwalira chaka chomwecho, mudzi wawo n'kubalalika. Cha kwawo chimene chidatsala m'manja mwa Nankhoma ndi njerezo basi.

Mvula yoyamba itagwa, adazidzala zonse phando limodzi kuseri kwa nyumba. Idamera imodzi, yonenepa bwino.

"Bambo, mphonda ya amayi ija yamera," adatero Nankhoma. "Tandizikirani kabango kuti iyambe kukwera."

"Kabango?" Kathumba adaseka. "Ine ndizike kabango pakhomo panga? Odutsa adzati mmisiri uja wakalamba. Dikirani, mayi, ndikumangirani thandala loti mudzi wonse udzabwere kudzaliona."

Basi, ulendo wa kuphiri kukafuna mphanda za muwanga. Iyi akuti yakhota, iyo akuti yaonda. Atazipeza, akuti nsungwi ziyambe zauma. Nsungwi zitauma, akuti luzi la mombo linyikidwe kaye m'madzi. Nankhoma atatopa adazika yekha bango, koma mwamuna wake atangoliona adalizula n'kuliponya kudzala.

"Kuthamanga sikufika, mayi."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo," adayankha Nankhoma, mtima ukumuwawa.

Mphonda siidikira mmisiri. Idatambasula timanja take topotana kufuna chogwira, ndipo posapeza kanthu m'mwamba idagwira zimene zidali pansi. Idakola udzu, idaloŵa m'chitsamba cha minga, idazika timizu paliponse pamene idakhudza dothi. Tsinde lake lidakhwima chogona chomwecho, tizipatso n'kuyamba kupindika m'matope.

Potsiriza thandala lidatha, ndipo lidali lokongoladi. Mphanda zidaima chilili, nsungwi zidayalana bwinobwino, mfundo za luzi ngati zosoka. Kathumba adaitana anansi kuti adzaone pamene akukweza mphonda. Adagwira chomeracho ndi manja aŵiri n'kukoka, koma udzu ndi minga zidakana kuchisiya.

"Pang'onopang'ono, bambo, chakhwima chimenecho!" adakuwa Nankhoma.

Pamaso pa anthu, Kathumba sakadalola kugonja kwa chomera. Adakokanso mwamphamvu. Thyo! Mphonda idaduka patsinde penipeni.

Nankhoma adatola kachipatso kamodzi n'kukaswa, kuti mwina apezemo njere. Zidali zanthete, zamadzimadzi, zosati n'kumera. Adakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwandiphera amayi kachiŵiri," adatero motsitsa mawu.

Anansi adachoka mmodzimmodzi. Mnzake wa Kathumba wokonda nthabwala, Mpinganjira, adati ali kuchoka, "Usadandaule, achimwene, thandala limeneli mbale ziziuma bwino." Koma palibe amene adaseka, ndipo Kathumba adachita manyazi amene sadawamvepo chibadwire.

M'maŵa mwake adatenga khasu kuti achotse masamba ofotawo, mkazi wake asamawaone. Atakokera mulu wonse pambali, adaima. Paphando lomwe lija, pamene kale padali mthunzi wa masamba, padali kam'mera ka masamba aŵiri, kotumbuluka, kowerama. Idali njere ina imene idachedwa kudzuka.

Ulendo uno Kathumba sadaganize za kuphiri. Adathamangira kumpanda, n'kusolola bango loyamba limene dzanja lake lidagwira. Lidali lokhota, lakuda ndi nkhungu. Adalizika pambali pa kam'merako, nsonga yake n'kuitsamiritsa kuthandala.

Nankhoma adam'peza atagwada m'matope.

"Bambo, mmisiri wazika bango lokhota?"

"Aseke amene akuseka, mayi. Taonani apa."

Nankhoma ataona masamba aŵiri aja adagwira pakamwa. Adagwada nayenso, ndipo mtima wake udayamba kubwerera m'malo.

Kuyambira pamenepo Kathumba sankapita kuntchito asanazonde mphondayo. Nsonga ikapatukira kumbali, ankaibweza ndi chala n'kuimanga mosathina ndi kaluzi ka nthochi. Siinkavuta, poti idali yanthete. Kumene waitsogolera n'kumene inkapita. Mvula itayamba kutha, iye yemwe ankasenza mtsuko kupita kuchitsime. Amayi akuchitsimeko ankam'seka kuti a Kathumba akwatiwa, iye n'kumaseka nawo limodzi.

Mphonda idakwera bango, idagwira nsungwi yoyamba, kenaka idafunda thandala lonse. Chifukwa idayamba mochedwa siidabereke zambiri, koma zimene idabereka zidalendewera ndi makosi aatali, owongoka ngati mpini. Zitauma, Kathumba adasema chikho choyamba. Nankhoma adatungiramo madzi, n'kumwa iye woyamba, akulira ndi kuseka nthaŵi imodzi. Kenaka adapatsira mwamuna wake. Njere adagaŵira nyumba iliyonse, kuti mbewu ya mayi ake isadzakhalenso paphando limodzi.

Mpinganjira atabwera kudzatenga zake adayang'ana m'mwamba n'kunena, "Koma thandala lako labereka, achimwene!"

Kathumba adapukusa mutu. "Thandala lidalipo tsiku limene yoyamba ija idafa. Chapulumutsa iyi ndi ichi," adatero akuloza bango lokhota lija, limene adakana kulizula. "M'mera mpoyamba."

Mawu amenewa adafalikira limodzi ndi njere zija, ndipo mpaka lero akulu amati, "M'mera mpoyamba." Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimawongoleka chikadali chanthete. Mwana, khalidwe, ntchito, ngakhale ukwati, zimatsata kumene zidatsogoleredwa masiku oyamba, ndipo wofuna kuziwongola zitakhwima amangozithyola. Mwambiwu sufuna kuti muyambe ndi zinthu zapamwamba, ayi. Umangoti musachedwe. Nchifukwa chake makolo ndi aphunzitsi anu amakubwezani ndi chala tsiku ndi tsiku, mpaka inu kunyinyirika. Sakudana nanu. Akuona thandala pamwamba panu, ndipo akufuna kuti mukafikepo musanathyoke.