Sitima ya Tusekelege Inakocheza ku Karonga

Amayi a Mvano akhala akunong'onezana kutchalitchi ku Govan kuti Tusekelege sanakwere sitima chifukwa ali ndi pakati. Bodza lenileni! Nkhani yake ndi ya dzuwa.

Tuse amaphunzira zoyendetsa sitima zam'nyanja pa koleji ina muno mu Glasgow. Kuti amutenge pa sitima ya mu Seputembala, anayenera kukhoza mayeso opeza pamene sitima ili popanda makina, pongoyeza dzuwa masana ndi sekisitanti, kachipangizo kamagalasi kaja.

Bambo ake, a Japhet, atamva anasangalala ngati awalipirira ulendo wakumudzi. Paunyamata wawo anachoka kwawo ku Karonga nakagwira ntchito zaka khumi pa sitima zakatundu pakati pa Durban ndi Cape Town. Anatulutsa sekisitanti yawo yakale m'sutikesi, yokulungidwa m'chitenje cha malemu mayi a Tuse, sukulu n'kuyambika patebulo lakukhitchini.

"Mu Juni, dzuwa likafika paliwombo, manambala awiri amene wapeza umachotsera," anatero.

"Adadi, aphunzitsi akuti kuno timaphatikiza. Kuno dzuwa limadutsa kummwera, osati kumpoto."

"Aphunzitsi akowo anasanzapo m'nyanja? Dzuwa ndi limodzi, iwe. Komanso la kunoli unaliona liti? Limabwera ngati mlendo wothawa mbale zotsuka!"

Tuse anaseka. Kuwatsutsa kunamukanika, poti chimwalirire mayi ake anali asanawaonepo akuwala nkhope chotero. Milungu itatu ankachotsera pamaso pawo, mumtima akuti pamayeso adzaphatikiza. Pakati pa masamuwo ankamuuza za anamgumi, za nsomba zouluka zogwera m'sitima, za makalata amene ankalembera mayi ake ali pachibwenzi.

Tsiku la mayeso, m'boti la koleji pa mtsinje wa Clyde, mafunde anali aakulu. Anayeza bwinobwino, napeza 33 ndi 23. Koma dzanja linachita zimene linazolowera kukhitchini: m'malo mwa 56 kumpoto, linalemba 10 kummwera. Analakwa. Anzake anakwera sitima, iye adikira chaka chamawa.

Pepala litafika kunyumba, a Japhet anavala magalasi, okonzeka kukakangana ndi aphunzitsi. Anawerengera kawiri. Kenako anakasuzumira pawindo, kadzuwa kali pamwamba pa nyumba za kummwera, nabwerera kudzakhala pansi.

"Ndakulakwitsa ndine, mwanawe," anatero. Chala chinali pa nambala ija. "Koma ukudziwa mzere wa 10 kummwera pamapu umadutsa pati? Pa Karonga. Pafupi ndi pachigayo pomwe ndinawaonera koyamba amayi ako."

Tuse anali atakonza mawu ambiri aukali. Koma anangoteleka ketulo ya tiyi.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Zaka zonsezi bamboyu akuponda misewu ya Glasgow, dzuwa lam'mutu mwake linali likadali lakwawo, ndipo linamudyera mwana chaka chathunthu. Nanga inuyo, akanakhala bambo anu, mukanawakalipira kapena mukanawathirira tiyi?