Zipangizo Zolowa Popanda Odi

Pamwamba pa chipatala cha mano, m'nyumba ina ya maofesi, panali kampani ya anthu khumi ndi awiri yomwe mwini wake aliyense ankamutchula kuti Kamphindi. Dzinali analipeza chifukwa kwa iye chilichonse chinali cha kamphindi, ngakhale kufika ku ukwati wake womwe, kumene anachedwa maola awiri.

Kampaniyo inkapanga tizipangizo tooneka ngati mabatani a jekete. Ukamata kamodzi pa firiji, pa chitseko kapena pa mpando, chinthucho chinkayamba kutumizirana mauthenga ndi zinzake popanda waya, ndipo sipika ya pakhoma inkanena mokweza zomwe zikukambidwazo. Anthu ena achuma anali ataikamo kale ndalama zawo, koma ndalamazo zinali zitapyapyala ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri. Lachisanu kunkabwera mayi wina wowaimira kudzaona ngati n'koyenera kuwonjezera. Mayiyo akakana, ndiye kuti kampani itsekedwa, anthu onse khumi ndi awiri n'kuyamba kupondaponda m'misewu.

Injiniya wamkulu anali mlamu wake wa Kamphindi, mng'ono wa mkazi wake, mkazi woyembekezera, wa magalasi, wosakonda zolongolola. Iye anakonza zoti chipangizo chisanalankhule ndi chinzake chizidikira masekondi asanu, chinene kuti ndi yani, chinzakecho chivomere. Pa ofesipo ankangoti kuodira. Koma masekondi asanuwo ankamusowetsa mtendere Kamphindi. Ankati munthu wandalama akadikira masekondi asanu amayamba kuganiza, ndipo akayamba kuganiza chikwama chimatsekeka.

“Alamu, ifetu tikugulitsa kuphweka. Odi ameneyu muchotse,” anatero Kamphindi Lachinayi m'mawa.

“Alamu, cholowa m'nyumba ya eni popanda odi ndi mphepo kapena wakuba,” anayankha injiniya, maso ali pa kompyuta.

“Ndiye ikhale mphepo.”

Injiniyayo anakanitsitsa. Anafotokoza kuti popanda odi chinthu chilichonse chizimvera chilichonse, ndipo sipadzakhalanso wodziwa kuti wamkulu ndani. Kamphindi anangogwedeza mutu ngati wamva, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Masana mlamu wake atapita kukadya, anakhala pa kompyuta yake. Za makompyuta ankazidziwa pang'ono, mlingo wongokwanira kuwononga. Anafufuta odi yense. Kenako, mtima uli m'malo, anatenga thumba la mabatani n'kuyamba kumata paliponse: pa mipando, pa makatani, pa ketulo, pa makina oziziritsa chipinda, pa chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu m'nyumbamo, mpaka pa mpando wa dokotala wa mano pansi paja, ati mphatso ya chinansi.

Lachisanu mayi uja anafika nthawi yake yeniyeni. Anali wamtali, wathupi lake, wa nkhope yosaonetsa ngati wakondwa kapena ayi. Kamphindi anauza mlamu wake kuti atsale pa desiki pake, poopa kuti angayambe zonena zoona pamaso pa mlendo. Analowa m'chipinda cha misonkhano ndi mayiyo pamodzi ndi mkulu wotsatsa malonda, bambo wa tayi yofiira yemwe ntchito yake tsikulo inali kuomba m'manja.

Poyamba zinayenda ngati maloto. Kamphindi anadina batani limodzi, makatani anatseguka okha, ketulo n'kuyamba kuwira nthawi yomweyo. Wa tayi uja anaomba m'manja. Mayiyo analemba kanthu m'kabuku kake, ndipo Kamphindi anadziona atakwera kale ndege.

Ndiye anatseka chitseko.

Chomwe sankadziwa n'choti chichotsereni odi, chitseko cha chipindacho chinali chitapalana ubwenzi ndi firiji ya kukhitchini, ndipo firijiyo, pokhala yolankhula kwambiri, inali itachiphunzitsa malamulo ake. Chitseko chitangotsekeka, magetsi anathima, pakuti m'firiji simuyaka getsi chitseko chili chotseka. Loko anati khethe. Makina oziziritsa anayamba kupemerera chisanu cholowa m'mafupa.

“M'firiji muli zinthu zitatu,” inalengeza sipika ndi mawu aulemu. “Chimodzi chikutuluka madzi.”

Chimenecho chinali Kamphindi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira. Anaseka kuseka kouma n'kunena kuti imeneyo ndi nthabwala yokonzeratu, ikutha pakamphindi. Anadinadina foni yake mumdimamo. Kudina koyamba kunakweza mpando wa dokotala wa mano mpaka kudenga, ndipo pansipo panamveka kukuwa kwa munthu yemwe pakamwa pake panali pothithikizidwa thonje. Kudina kwachiwiri kunalumikiza chikepe ndi mpando umene mayi uja anakhalapo.

“Katundu wapyola muyezo,” inatero sipika. “Chonde atsike mmodzi.”

Pa mpandopo panali munthu mmodzi yekha. Wa tayi, posadziwa chochita, anaombanso m'manja, ndipo makatani anamva ngati alamulidwa, anayamba kutseguka ndi kutsekeka mosalekeza. Kamphindi manyazi anamugwira mpaka analakalaka pansi patang'ambika. Anapempha mayiyo kuti aimirire kaye, koma atangoimirira firiji inalengeza kuti nyama ya pa shelefu yachitatu yasuntha yokha, ndipo n'kutheka kuti ikadali yamoyo.

Anakhala m'menemo mphindi makumi anayi. Kunja injiniya anayesa kuletsa zipangizozo chimodzichimodzi, koma akaletsa ichi chinzake chinkachidzutsa, pakuti tsopano ketulo inali ndi mphamvu zofanana ndi zake. Pomaliza anatsikira pansi n'kukathimitsa magetsi a nyumba yonse. Ngakhale apo loko sanatseguke, mpaka anachita kuitana kalipentala kudzazula chitseko.

Mayi uja anatuluka milomo itachita bii ndi chisanu. Sanakalipe. Anatseka kabuku kake, n'kukaika m'chikwama, n'kumuyang'ana Kamphindi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Bambo, simunaname ayi. Chilichonse muno chikulankhula,” anatero. “Ine ndiye ndilibe mawu.”

Anatsika pa masitepe, chikepe sanachiyang'ane n'komwe.

Mwezi usanathe kampani inatsekedwa. Tsiku lomaliza Kamphindi anaima pakhomo kuonerera anthu ake akutuluka ndi makatoni, wina atanyamula kapu yake, wina chithunzi cha ana ake. Palibe anamunyoza, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka koposa. Mlamu wake anatuluka pomalizira, ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri komanso wopanda ntchito. Kamphindi anatsegula pakamwa kuti amulonjeze kuti zonse zikhala bwino posachedwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wake lonjezo linamukanika kutuluka. Anangomulandira katoni n'kumunyamulira mpaka kumsewu.

Ankafuna kuti zinthu zonse zizilankhulana popanda chotchinga, ndipo zinalankhulanadi mpaka kumulanda chakudya pakamwa, iye ndi anzake omwe. Akuluakulu sananame: walira mvula walira matope.